Mmene Ndinakonzera Nkhani ya Tiwonge Mpaka Kuipha

Pali machimo ena amene munthu amalapa kamodzi n'kupeza mtendere. Ili ndalilapa zaka zambiri, koma m'mawa uliwonse ndimalipeza litakhala pakhomo. Ndinafuna kuthandiza mwana wa eni pa maphunziro ake a ku yunivesite. Ndinamuthandizadi, ndi mtima wanga wonse, ndipo n'chifukwa chake anabwereza chaka.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki mu ofesi ina ya boma ku Mzuzu. Kwathu ndi ku Ntchisi, koma ntchito inandiponya kumpoto. Mkazi wanga atamwalira ndinatsala m'kanyumba ka lendi ku Chibanja, ine, Baibulo ndi mbaula. Ntchito yanga inali kulemba makalata oti abwana asayine. Anali masiku a chipani chimodzi, pamene munthu ankatha kupita kuntchito m'mawa osabweranso chifukwa cha chiganizo chimodzi chopezeka papepala. Choncho luso la kalaliki wabwino linali kudzaza tsamba lonse osanenapo kanthu. Pa luso limeneli, sikudzitama, ndinalibe mnzanga. (Pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito, palibe kalata yanga imene inakhumudwitsa munthu, kapena kumuthandiza.)

Nyumba yoyandikana ndi yanga munkakhala a NyaMhango, mayi wa kumpingo kwathu (kumene ine ndinali mmodzi wa akulu a mpingo) amene ankagulitsa tomato ndi nyemba pamsika. Amuna awo anapita kumigodi ku Joni mwana wawo wamkazi Tiwonge akukwawa, osabwerakonso. Tiwonge ameneyu anakula ndi mutu wakuthwa mpaka anasankhidwa kupita ku yunivesite kummwera, ndipo Chibanja yense ankamunena ngati mwana wake.

Tchuthi china cha mu Julaye, kukuzizira ndi kamvula kaja kosatha, a NyaMhango anabwera naye kwanga, atanyamula kambale ka tomato. Atandilonjera monire wawo, anafotokoza vuto. Tiwonge anali chaka chachitatu, ndipo anaperewera pang'ono pa phunziro la mbiri yakale. Mphunzitsi wake anamupatsa mwayi umodzi: alembe nkhani yaitali pa tchuthi, aitumize papositi Ogasiti asanathe. Ikakhoza, alowa chaka chomaliza. Ikalephera, abwereza. Nkhaniyo anali atailemba kale pamanja. Chimene ankafuna kwa ine n'chakuti ndimukonzere Chingerezi ndi kumutayipira, popeza ine ndi amene ndinkalembera anthu onse a m'dera lathu makalata ofunsira ntchito.

"Imwe adada ndimwe mukudziwa Chizungu cha boma," anatero mayiwo, n'kuthokozeratu m'chinenero chawo. "Yewo chomene."

Ndikanayenera kunena kuti sindinapondepo pa yunivesite. M'malo mwake ndinalandira tomato uja.

Tinapangana zokumana Lachiwiri ndi Lachinayi ndikaweruka. Tsiku loyamba tinatsegula ndi pemphero, ndipo Tiwonge anandipatsa masamba khumi ndi asanu ndi atatu. Funso linali lakuti, n'chifukwa chiyani amuna a kumpoto ankapita kumigodi, nanga mabanja awo ankatsala bwanji? Mwanayu anali atayenda mpaka ku Masasa kukacheza ndi nkhalamba zimene zinabwerako ku Joni ndi chifuwa chosapola, n'kulemba mawu awo ndi mayina awo. Pa tsamba lachinayi analemba za bambo ake: chithunzi chomaliza chimene anatumiza atavala chipewa, ndi bulangete limene mayi ake ankaliyanika chaka ndi chaka osalifunda. Ndinavula magalasi n'kunamizira utsi wa mbaula.

Kenako kalaliki anadzuka mwa ine. Pa tsamba lachisanu ndi chiwiri panali chiganizo chakuti ngakhale dziko litalandira ufulu, amuna anapitirirabe kuchoka chifukwa kwawo kunalibe ntchito. Ndinanyamuka n'kukatseka zenera.

"Mwana wanga," ndinatero, "apa ukunena kuti kuno kulibe ntchito."

"Eya adada. Kulibe nadi."

"Ine ndikudziwa, iwe ukudziwa. Koma pepala lisadziwe."

Anaseka, kuganiza kuti ndikuchita nthabwala. Ine ndinali nditatenga kale pensulo ndi rula, n'kudula mzere wowongoka bwino.

Munthu ukadula chiganizo chimodzi, zinzake zimayamba kukuyang'ana. Lachinayi ndinachotsa mayina a nkhalamba za ku Masasa, kuti zisadzafunsidwe. Sabata yotsatira ndinachotsa mawu awo, chifukwa munthu amadziwika ndi kalankhulidwe kake. Kenako ndinafika pa bambo ake. Ndinamufotokozera modekha kuti aliyense wowerenga za chipewa ndi bulangete adziwa nyumba yake, ndipo mayi ake ali ndi benchi pamsika yoti aiteteze. Tsamba lachinayi linapita lonse. Paliponse pamene analemba kuti "ine ndikuganiza", ndinaikapo "zikuoneka kuti ena anganene". Pofika kumayambiriro kwa Ogasiti, masamba aja anatsala asanu ndi limodzi.

Apa ndinaona kuti nkhani yaonda, ndiye ndinainenepetsa monga timachitira kuofesi. Ndinaika ndime ziwiri zoyamikira bata ndi mtendere zimene zili m'dziko, ina yothokoza mphunzitsi chifukwa cha funso lake lanzeru, ndipo ndime iliyonse ndinaipatsa nambala. (Ndikuvomera, nditaiwerenga ndinanyadira. Munthu akanatha kuiwerenga pamaso pa aliyense, ngakhale pamsonkhano wa chipani, osatuluka thukuta.)

Tiwonge sanangokhala chete. Anati mphunzitsi wawo amafuna wophunzira atsutse, aonetse maganizo ake, apereke umboni. Ndinamuyankha kuti munthu satsutsana ndi amene akusayina. Anapita kukadandaula kwa mayi ake, ndipo mlandu unabwera pakhonde panga. A NyaMhango anamvetsera mbali zonse ziwiri, n'kuyang'ana imvi zanga ndi Baibulo limene linali patebulo.

"Pulika adada, iwe Tiwonge, uwamvere," anatero. "Akulu a mpingo angakunamize?"

Mwanayo anaweramitsa mutu. Ndimakumbukirabe mmene anapindira manja ake pamiyendo.

Sabata yomaliza kunagwa maliro kumudzi kwawo ku Rumphi, ndipo onse awiri ananyamuka mwadzidzidzi. Tiwonge anandisiyira mapepala onse, ake apamanja ndi anga okonza, kuti nditayipe ndi kutumiza. Ndinatayipa kuofesi nthawi ya nkhomaliro kwa masiku atatu, ndi kaboni pansi monga mwa lamulo. Pamwamba ndinaika mutu n'kuudula mzere kunsi. Pamapeto zala zinangoyenda zokha, n'kulemba mawu aja otsekera kalata iliyonse ya boma, akuti ndine wantchito wanu womvera. Ndinawaona, ndinaganiza pang'ono, n'kuwasiya. Ulemu sunaphepo munthu.

Nditabwerako kupositi ndinapeza masamba ake apamanja ali patebulo, mayina onse ali momwemo, chiganizo cha ufulu chija chikuwerengeka bwinobwino pansi pa mzere wanga. Ndinachita zimene kalaliki aliyense wosamala akanachita. Ndinawaika pa mbaula limodzilimodzi, phulusa n'kulitaya kudzenje. Ndinathokoza Mulungu kuti ndapulumutsa banja.

Yankho linabwera mu Seputembala. Tiwonge anafika kwanga masana a Loweruka, envulopu ili m'manja, osakhala pansi. Mphunzitsi anali atalemba ndi inki yofiira kuti iye amadziwa kalembedwe ka Tiwonge, ndipo ichi si chake. Anati chikufanana ndi kalata yopempha tchuthi. Koma anali munthu wachifundo: anati ngati mtsikanayo angatumize zimene analemba yekha pamanja sabata isanathe, kapena wolemba weniweniyo angafotokoze chimene chinachitika, aiganiziranso nkhaniyo.

"Adada, mundipatse mapepala anga aja."

Ndinayang'ana mbaula. Iyenso anayang'ana mbaula.

"Kope ya kaboni ilipo," ndinatero. "Ndinaisunga bwino mu fayilo."

Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangofunsa chapansipansi kuti, "Na tsamba la adada wanga?" Kenako anatuluka n'kutseka chitseko mwaulemu.

Panatsala njira imodzi, yoti ine ndilembe kalata yovomera zonse. Ndinakhala pansi tsiku lomwelo, n'kulemba zoona zokhazokha: kuti mwanayo analemba nkhani yabwino, ine ndinaidula, ine ndinaiwotcha. Nditawerenga ndinadzifunsa kuti, kalatayi ikatsegulidwa panjira, akafunsa kuti munali chiyani m'mapepala oyenera kuwotchedwa? Ndinachotsa za kuwotcha. Nanga kudula, ndinkadula chiyani? Ndinachotsanso. Nanga wantchito wa boma kutayipa zapadera pa makina a boma? Pofika kalata yachinayi, inangonena kuti ndalandira uthenga wokhudza nkhani ili pamwambayi, ndipo nkhaniyo ikuunikidwa. Imeneyo ndi imene ndinatumiza. Mphunzitsi sanayankhe, ndipo sindimuimba mlandu. Munalibe choti ayankhe.

Tiwonge anabwereza chaka. Anzake anavala mikanjo iye ali m'kalasi ndi ana amene anawalandira yekha akungofika pa yunivesite. Anamaliza chaka chotsatira, n'kukaphunzitsa kusekondale. Tikakumana ankandilonjera ndi manja awiri monga kale, koma sanandionetsenso pepala lililonse, ngakhale la nyimbo za kwaya. A NyaMhango sanandinenepo choipa. Anapitiriza kunditumizira tomato, koma uja wofewa wa pansi pa dengu, ndipo ndinkamudya ndikudziwa chifukwa chake.

Ndadzifunsa kambiri ngati mantha anga anali opanda pake. Mwina ayi, masiku aja anali masiku aja. Koma mwanayo anandipempha kuti ndimukonzere Chingerezi, osati ndimuikire bambo ake m'manda kachiwiri. Chipani chija chinatha kalekale, ine ndinapuma ntchito, ndipo lero munthu amalemba zimene akufuna. Ndiye ndinati ndilembe izi zonse, osabisa kanthu, kamodzi kokha pa moyo wanga.

Zinali masamba asanu ndi anayi. Ndaziwerenga katatu, pensulo ili m'manja. Zimene mwawerengazi ndi zimene zatsala.