Mkamwini Apita Kwawo Wapansi

Lolemba
Ndachoka. Zaka makumi anayi ndili pamudzi wa akazi anga kuno ku Mitundu, koma dzulo pa mlandu wa malire a munda mlamu wanga akuti, "Akamwini akhale chete, izi n'za eni mbumba." Akunena atakhala pamthunzi wa mtengo wobzala ine! Ndikupita kwathu ku Nathenje wapansi, ndizigona m'thengo, mpaka andiimbire foni kundipepesa. Katundu: pulasitiki yofolerera chigafa cha fodya, mkeka, kapoto, machesi, mbatata, ndodo. Foni yodzaza moto.

Lachiwiri
Mwera. Thengo limene ndinkalidziwa kulibe, mitengo inathera kootcha njerwa. Dothi lokhalokha, ngati chipululu cha m'Baibulo, kungoti Aisraeli anali ambiri. Msasa ndaumanga ndi mapesi katatu. Wagwa katatu. Foni zii.

Lachitatu
Pulasitiki yapita. Ndikuiona ikuuluka molunjika ku Mitundu, ilibe manyazi. Machesi atha onse, moto osayaka. Mbatata yaiwisi, mano anayi. Fumbi m'maso, m'makutu, m'kapoto. Panopa kunyumba ayenera kuti asokonezeka. Asokonezeke.

Lachinayi
Ndakwera chitunda kuti netiweki igwire bwino, asadzanamizire. Kamvuluvulu wandipeza pamwamba pomwepo. Chipewa chapita. Ndagona chafufumimba nditakumbatira mwala. Mayi wina wotola ziputu akundifunsa ngati ndathawa kuchipatala. Ine, wa Sitandade 4 ya kale, yoposa Fomu 4 ya masiku ano!

Masana foni yalira. Ndaisiya ilire kanayi, adziwe kuti sindine wapafupi. Akazi anga: "Kiyi wa njinga munaika pati?" Ndawauza. Adula.

Lachisanu
Nathenje. Mwana wa mlongo wanga wandilandira bwino, madzi osamba, tiyi. Ndafunsa za munda wa malemu amayi. Wandionetsa maenje a njerwa. Nditangotsegula pakamwa akuti, "Amalume, inu munapita kuchikamwini kalekale, izi tisiyireni."

Loweruka
Chifuwa. Maso psuu. Mapazi sakulowa m'nsapato. Kusanafike masana andifunsa kawiri kuti ndibwerera liti, ati kunyumba angade nkhawa. Foni yatha moto. Tsopano ndiye akuimba. Ndithu akazi anga akuimba, mlamu wanga ali pambali, misozi ili mbwembwembwe.

Lamulungu
Andikweza kabaza wa njinga yamoto. Njira ya masiku asanu, ndafika anthu asanatuluke m'tchalitchi. Ndatchajitsa foni pagolosale. Sanaimbe aliyense. Akazi anga akuti ankadziwa kuti sindifika patali poti bulangete ndinalisiya.

Mphepo yaleka, lero lomwe. Mlamu wanga wadutsa, wandipatsa moni wa manja awiri. Akuti mlandu wa malire upitirira Lachitatu, ndisalephere kubwera, pakufunika munthu wonyamula mipando.

Ndipita. Koma ndinyamula umodzi wokha.