Tsiku limene ana anandipatsa chikwakwa

Nyumba ya aphunzitsi ija ya kuseri kwa sukulu, ya mpopi pakhomo, ikanakhala yanga. Ndinaitaya ndekha masanasana, popanda mfiti kulowererapo.

Zinali zaka zija zipani zitangochuluka, mafakitale a ku Kafue akuchotsa anthu ntchito, aliyense akukamba za demokalase ngakhale pogula tinsomba ta kapenta. Ine ndinkaphunzitsa Giredi 7, ndikukhala m'chipinda chimodzi ku Nangongwe ndi mkazi wanga ndi ana. Ba Hedi anati nyumbayo adzapatsa mphunzitsi amene insipekita adzamuyamikire. Olimbirana tinali awiri, ine ndi Ba Mweemba, munthu wophunzitsa ndodo ili m'khwapa.

Ndinaganiza zowaposa ndi njira zamakono. Ndinauza ana kuti kalasi ndi yawo: azisankha okha phunziro loyamba, mnzawo wokhala naye pa desiki, ngakhale malamulo. Zinayenda bwino mondidabwitsa. Ana amene ankangoti duu anayamba kufunsa mafunso (ena mwa mafunsowo ndinkangoti tidzaona mawa).

Kenako inabwera nkhani ya ochedwa. Mutinta, mtsikana wamfupi wosasekaseka amene anzake anamusankha kukhala wapampando, anaimirira.

"Aliyense wamene azabwera belu italira, atenge chikwakwa akatchetche udzu mpaka piriyodi isile. Tati aliyense, Ba Ticha. Muli naife?"

"Lamulo silisankha nkhope," ndinatero, chifuwa patsogolo. Ndinawombanso m'manja, ine ndemwe.

Tsiku lobwera insipekita ndinavala suti yanga ya ukwati. Masiku onse ndinkayenda wapansi, koma poopa fumbi ndinakwera minibasi imene inkaoneka yodzaza. Osadziwa kuti okhala m'mipandomo anali anyamata oitanira anthu aja, ongokhalamo kuti galimoto ioneke ngati ikunyamuka. Akalowa munthu mmodzi, mnyamata mmodzi ankatsika. Ndinafika kusukulu belu litalira kalekale.

Pakhomo la kalasi panali Mutinta, chikwakwa m'manja.

"Mwachedwa, Ba Ticha."

"Iwe, lero kuli alendo. Tizakamba mawa."

"Mawa shani? Dzulo Chanda atachedwa anakamba so, imwe munakana."

Maso onse a m'kalasi anali pa ine, makamaka a Chanda. Ndinavula jekete, n'kuikoleka pa mtengo wa mango, n'kuyamba kutchetcha. Chikwakwa cha sukulu chinali chobuntha, udzu unkangogona n'kudzukanso.

Ndili chiweramire, ndinaona bambo wonenepa wa tayi akulowa m'kalasi mwanga. Anali insipekita, nayenso atachedwa. Posakhalitsa ndinamuonanso akutuluka, atanyamula chikwakwa china. Mayo ine! Mutinta anali atamva bwino zoti lamulo silisankha nkhope.

Bamboyo anadzaima pambali panga. "Ndinu eni ake a kalasi ija?"

"Ndinali, bwana."

Sanaseke. Anapinda malaya, n'kuyamba kutchetcha, thukuta lili kamukamu. Tinagwira ntchito limodzi, uku m'kalasi mukumveka ana akufunsana masamu okhaokha, mwadongosolo loti ine sindinaliikepo chiyambire ntchito. Ba Hedi anabwera chothamanga, akupepesa m'Chingerezi ndi m'Chinyanja momwe, koma insipekita anati adikira belu ngati wina aliyense.

Muofesi insipekita anayankhula mosapita m'mbali. Anati kalasi yotere sanaionepo, ana ake ngochangamuka ndipo asasokonezedwe. "Koma mphunzitsi wochedwa pa tsiku loti akuyenderedwa, masiku ena amafika nthawi yanji?" (Za kuchedwa kwake iye sanatchuleko, ndipo ine sindinamukumbutse.)

Nyumba inapita kwa Ba Mweemba ndi ndodo yawo. Kunyumba ndinapeza mkazi wanga atamanga kale mapoto m'chitenje, kukonzekera kusamuka. Atamva nkhaniyo anamasula mfundo, n'kubwezera poto aliyense pamalo pake. Zimenezo zinandiwawa kuposa matuza amene chikwakwa chinandisiyira m'manja.

Lolemba lake ndinapempha wapampando kuti andilole kuyankhula. Ndinafotokoza modekha kuti lamulo labwino limakonzedwa, choncho mawu oti "aliyense" asinthidwe akhale "wophunzira aliyense". Mutinta anamvetsera mwaulemu, kenako anati ovomereza akweze manja.

Dzanja linakwera limodzi lokha, lamatuza.