Onésime Wofufuta Gombe

Pa zilumba za Madeleine aliyense ankadziwa kuti ukagula chithunzi kwa a Onésime Vigneau, wadziputira mlendo wa moyo wonse. Mkuluyu ankajambula gombe lathuli mophatika utoto, moti pafupi umangoona phala, koma ukafutuka pang'ono nyanja ija n'kuyamba kupuma. Vuto n'lakuti nyanja imadya gombeli chaka ndi chaka, ndipo iwo sankalola chithunzi chawo kunama. Phedi likagumuka, m'mawa mwake anali kale panjinga, khomo ndi khomo, kukalifufuta m'zithunzi zimene anagulitsa kalekale. Kwa adokotala analowera pazenera. Kwa bambo mfumu anafufuta mpanda wa kumanda eni ake ali pa misa.

Amene anaona zakuda ndi alamu awo, a Léonie. M'chithunzi chawo munali kanyumba kamene malemu amuna awo, achimwene ake a Onésime, ankasungiramo misampha ya nkhanu. Mkuntho utakakokolola kanyumbako, mayiwa anabisa chithunzicho kuseri kwa firiji.

"Alamu, chithunzi chija chili kuti?"

"Adya makoswe."

"Makoswe anu amadya utoto?"

"Amadya chilichonse, ngati inu nomwe. Imwani tiyi muzipita."

A Onésime sanagwe ulesi. Ankabwera kudzabwereka mchere, maso ali mwazumwazu m'makoma. A Léonie mtima sunakhalenso m'malo. Chithunzi chinagona pansi pa bedi, m'galimoto, mpaka m'dengu la zochapa.

Tsiku lina pochokera kogula buledi a Léonie anapeza alamu awowo atakhala pansi m'khitchini, chithunzi pamiyendo, burashi yonyowa m'manja. Atasuzumira m'chithunzimo, kanyumba kaja kanali kadakalipo.

"Ndakafufuta m'zithunzi za m'nyumba zonse za pachilumba," anatero a Onésime osadzutsa mutu. "Dzulo ndimati ndikumbuke kumene chitseko chake chinayang'ana, ndalephera." Anapereka chithunzicho. "Kachibiseni kwina, alamu, ndipo musandiuze. Dzanja langali silimva."

A Onésime anamwalira chaka chotsatira, ndipo tawasowa kwambiri. Zithunzi zonse zinaima pomwepo, nyanja yokha ikupitirizabe kudya. A Léonie anapachika chawo pabalaza, poyera. Koma kukachita mkuntho, m'mawa mwake amachitsitsa msangamsanga n'kuyamba kuzungulira nacho nyumba yonse kufuna pobisa, mpaka atakumbuka kuti palibe amene akubwera.