Mpeni wa mu juzi

Ngiri-ngiri! Mpaka lero ndikamva belu la njinga m'mawa, ndimayamba ndayang'ana manja anga.

Unali mwezi wa Juni, kuno ku Matandani kukuzizira moti zala zinkakana kugwira tupa. Shedi yanga yosuliramo mipeni ilibe chitseko, mphepo imalowa osaodira. A Phwitiko, opha mbuzi pamsika, anandisiyira mpeni wawo kuti ndiike chigwiriro chatsopano, adzautenga mawa lake. A Phwitikowo ndi bambo ake a Esinati, mtsikana amene ndinkamufuna mwakachetechete (ine zambiri ndimachita mwakachetechete). Agogo, amene anandilera makolo anga atamwalira, anangoti, "Ukauwononga umenewo, udzakwatira tupa yakoyo."

Ndinasema mlombwa bwinobwino, n'kusakaniza guluu uja wa machubu awiri, n'kumanga ndi mphira. Kutacha ndinapeza guluu akadali wofewa ngati uchi. Chisanu chinamukaniza kuuma. Ndinauyandikiza mpeniwo kumakala, guluu n'kuyamba kuchucha. Ndinauuzira ngati phala la mwana, osathandiza. Kenaka inabwera nzeru (ndikuitcha nzeru mwaulemu chabe): moto wanyanya, koma thupi la munthu limafunda mofatsa. Ndinalowetsa chigwiriro m'mkono wakumanja wa juzi yanga, yokhayo imene ndinali nayo, n'kuchipanikiza pakhungu, nsonga itasuzumira kudzanja. Ndinakhala phee, maso kumsewu.

Guluu anaumadi. Anauma pamodzi ndi juzi.

Ndikukokakoka choncho, ngiri-ngiri! A Phwitiko atsika panjinga, atambasula dzanja. Kukana moni wa munthu wamkulu sindikanatha, kupereka lamanzere ndi mwano. Ndinanyonyomala pang'ono monga anandiphunzitsira agogo, lamanzere litachirikiza lamanja, n'kutambasula. Mpeni n'kuloza pamimba pawo.

Anadumphira m'mbuyo, njinga n'kugwa.

"Iwe! Ndakulakwira chiyani?"

"Pepani bambo, ndi wanu womwe."

"Wanga ndikuuona. Ndiye undibaye nawo chifukwa ndi wanga?"

Ndinafotokoza, uku mumtima ndikutsanzikana ndi Esinati. Sanaseke. Anatenga lumo pabenchi langa n'kudula mkono wa juzi mozungulira, mosamala ngati akusenda mbuzi ya ena. Anaugwedeza mpeniwo, kuumenyetsa pachipika, chigwiriro osasuntha. Ubweya wofiirira wa juzi unali utamera mbali imodzi yonse ya chigwiriro.

"Ndiupale, bambo?"

"Usiye. Manja akakhala ndi mafuta, mpeniwu suterereka."

Anautsa njinga. Kenaka anawerama n'kutola chidutswa cha juzi chimene chinagwera pansi, n'kundiika m'manja.

"Ukawapatse agogo ako asokerere. Ndipo amalume ako akamabwera kwathu ndi nkhani imene wakhala ukuitafuna chaka chonseyi, iwe manja ukasiye m'thumba."

Anakwera n'kumapita, belu likulira kutsetsereka. Ine ndinatsala chiimire, mkono umodzi uli pamphepo. Juziyo ndimavalabe, koma mipeni ya mu Juni ndimangomanga ndi misomali.