Chitsa cha M'malire

Lolemba
A Majisitireti athu kulibe ku khoti! Mesenjala akuti awabwereka ku Ntchisi, kumene milandu yaunjikana. "N'kwakanthawi, bambo." Kanthawi kake kati? Ndiwo anafika kumunda n'kuona chitsa cha msuku chimene malemu amalume anatilozera kuti ndiye malire a ine ndi msuweni wanga Yohane. Analamula kuti pasapezeke wobzala mpaka atagamula. Mitambo yayamba kale kuda cha ku Msakambewa.

Lachiwiri
Pampando pawo pakhala ena ochokera kwina. Akuti mlandu umene anauyamba anzawo sangaugwire. Zondiopsa:
mvula,
chiswe, chalowa m'chitsa,
Yohane, akundipatsa moni akumwetulira.

Lachitatu
Ndagogoda chitsa, chikulira ngati ng'oma. Chikatha, umboni wanga watha. Komanso a Majisitireti akuona anthu ambiri uko, angandiiwale. Nzeru ndi iyi: ndichizule, ndiwapititsire, achionenso chisanathe. Mayi a kunyumba akuti, "Bambo a Chisomo, mwafunsako munthu?" Ndifunse ndani? Mudzi wonse ndi abale a Yohane!

Lachinayi
Kukumba tsiku lonse. Mizu yake! Yohane waima pamzere wake, manja kumbuyo. "Ndikuthandizeni kukweza pa njinga, asuweni?" Wandithandizadi, mpaka kundibwereka chingwe. Wakoma mtima bwanji lero?

Lachisanu
Zitunda za ku Ntchisi! Njinga ndikungokankha, chiswe chili m'malaya. Ndawapeza akutuluka m'khoti, ndipo andizindikira. Ayang'ana chitsa, ayang'ana ine, avula magalasi. "Bambo, nanga panopa malire ali pati?" Ndaloza pa njinga. Sanaseke. Bola akanaseka.

Loweruka
Mvula yandipeza m'njira. Ndathamangira kumunda kuti ndikachibwezeretse. Dzenje palibe, matope okhaokha. Yohane akuti linali uko, m'kati mwenimweni mwa mizere yanga. Ine ndikuti linali apa. Ndayang'anitsitsa, nanenso sindikudziwa.

Lamulungu
Ku tchalitchi aliyense akukamba zobzala mawa. Mbewu yanga ikadali m'thumba. Mesenjala, amene timapemphera naye limodzi, wandinong'oneza kuti a Majisitireti awawonjezera masiku. Chitsa chili pakhonde, nkhuni zina zonse zanyowa, ndipo mayi a Chisomo akungochiyang'ana. Ndawauza kuti atenge nkhwangwa. Angondisiyirako kachidutswa, mwina a khoti adzakafuna.