Nsomba za m'ndowa ya mandasi

Nkhaniyi apongozi anga amaifotokoza paliponse, kumjigo, kuchigayo, ngakhale pamaliro, ndipo tsiku lililonse amaonjezerapo zawo. Ndiye bola muimve kwa mwini wakene.

Mwana wanga Yankho, wa zaka zisanu, dzino linamuvuta mpaka tinakwera minibasi kuchoka kuno ku Nsaru kupita kuchipatala china m'tauni. Pamalo odikirira panali bokosi lagalasi lodzaza madzi. M'katimo munali tinsomba tachikasu, tofiira, tina tamizeremizere ngati chitenje, tikuzungulira miyala yooneka ngati maluwa. Bambo wina ankapukuta galasilo, ine n'kuwafunsa kuti nsomba zoterezi amazitenga mtsinje uti.

"Izi n'za kunyanja yamchere, mayi," anatero. "Madzi ake timathira mchere. Komanso sitingoponyamo nsomba iliyonse, timasankha zogwirizana, chifukwa zina..."

Pomwepo namwino anaitana dzina la Yankho, iye n'kuyamba kukuwa, zotsalazo osazimvanso. Pampando wa adokotala mwana analuma mano kuti gwa. Ndinanyengerera, ndinaopseza, kenako ndinalankhula mawu amene akundizunzabe: "Yasamula mwanawe, ndikakupangira nsomba zakozako kunyumba."

Anayasamula. (Amene muli ndi ana mukudziwa, mwana amaiwala kusamba m'manja koma lonjezo saiwala.)

Galasi ndinalibe, koma ndinali ndi ndowa yoonekera m'kati imene ndinkagulitsiramo mandasi. Ndinaitsuka, n'kuikamo timiyala ndi maluwa apulasitiki otsala paukwati wathu. Kudambo ndinakokola timatemba ndi chitenje. Kenako, pokumbukira mawu a katswiri uja, ndinathira mchere wodzaza manja awiri n'kutakasa ndi mthiko. Ndinalawanso (inde, ndinalawa), n'kuonjezera pang'ono.

Ndisanamalize kusesa pabwalo, timatemba tonse tinali titagona chagada.

Apongozi anasuzumira m'ndowamo, nkhope ili phee. "Make Yankho, mchere mwathira kale eti? Tomato ndikupatseni?"

Mwana ndinamuuza kuti nsomba zatopa ndi ulendo, ndazibweza kwawo. Ndiwo za tsiku limenelo iyenso anaziyamikira.

Ulendo wachiwiri ndinatunga madzi akudambo komweko, mchere osayandikira. Matemba asanu, ndipo anakhala moyo! Yankho anawapatsa mayina a anzake a ku Sande sukulu, n'kumawawazira gaga m'mawa uliwonse. Sabata yonseyo ndinkayenda ngati ndine amene ndinalenga nsomba.

Lamulungu masana bambo ake Yankho anabwera kuchokera kudimba ndi kamlamba kamoyo, kotalika ngati supuni.

"Kachepa kuphika aka," anatero. "Kaikeni ndi anzake."

Kunena zoona, mawu aja akuti "zogwirizana" anandibwerera. Koma nditakayang'ana kamlambako, kofatsa, kongokhala pansi, ndevu zili lendee ngati mkulu wa mpingo, ndinati wandevu zotere sangachite chipongwe.

Lolemba matemba anali anayi. Ndinathamangitsa mphaka ndi tsache mpaka kumunda wa mtedza. Lachiwiri atatu. Ndinavundikira ndowa ndi lichero n'kutsamizapo mwala. Lachitatu awiri. Apa ndinayang'ana mwamuna wanga ndi diso lina.

"Kodi inu simukudziwapo kanthu?"

"Ine ndidye temba laliwisi? Ndapenga?"

Yankho ndinkangomuuza kuti enawo abisala m'maluwa. Mlamba ndinkauona ndithu ukunenepa, koma ine ndinkayamikira gaga.

Lachisanu kunali kutatsala temba limodzi, dzina lake Dalitso. Tsiku lomwelo apongozi anabwera ndi amayi awiri akumpingo kudzaona "nsomba za m'tauni". Tinazungulira ndowa tonse, Yankho ali kutsogolo akuloza. Mkulu wa mpingo wa m'ndowa uja anadzuka pang'onopang'ono, mwaulemu wake, n'kuyasamula. Tinangoona kamchira ka Dalitso kakutsanzika.

Kenako apongozi anatsokomola.

"Make Yankho, mphaka uja mukamupepese."

Mwana analira mpaka nkhuku zinathawa. Ine manyazi ndi mkwiyo zinandikwera pamodzi, ndinatenga mpeni. "Ameneyu tim'dya lero lomwe!"

Yankho anakumbatira ndowa, mamina ali chuu. "Ayi amama! Anzake ali m'mimbamo. Mukam'phika mwaphika onse! Munanena kuti nsomba ndi zanga!"

Ndinanenadi. Mpeni ndinaubweza pathandala.

Papita miyezi isanu tsopano. Chigawengacho m'ndowa chinasiya kukwanamo, chimakhala mumgolo kuseri kwa khitchini, ndipo ndine ndimachitungira madzi, kutumikira wakupha ngati mlendo wolemekezeka. Ndinaphunzirapo kuti wodziwa akamalankhula uzimva mpaka amalize, ndiponso kuti pachipatala usamalonjeze kanthu.

Koma dzulo Yankho anasuzumira mumgolomo n'kunena kuti, "Amama, akusowa mnzake wocheza naye." Ine m'malo mokana ndinangoti tiona. Mmene ndikulemba pano, nkhanu ili m'chitini pakhonde, ndipo ndikaiyang'ana ikuoneka yofatsa ndithu.