Nkhokwe Yathu Inkapita Kumaliro

Mpaka lero ndikakumana ndi mayi Nachisale pamsika ndimawalandira katundu asanandipemphe. Anthu amati ndine mwana waulemu. Ayi ndithu, ndi manyazi. Mayi amenewa ndinatsala pang'ono kuwachotsetsa ntchito.

Tinkagwira limodzi pa kabungwe kena kothandiza alimi a kachewere ku Chongoni. Iwo ankalowetsa zokolola za alimi pakompyuta. Ine ndinali nditaphunzirako makompyuta ku Lilongwe (pang'ono chabe, koma kayendedwe kanga mukanati ndinawapanga ndine).

Ndiye kunabwera pulogalamu yatsopano. Makompyuta onse a mu ofesi ankayenera kuthira ndi kutapa m'nkhokwe imodzi, imene akatswiri amati detabesi. Nkhokweyo imakhala pakompyuta imodzi, enawo amangoilondola pa netiweki. Ntchito yolumikiza inagwera ine.

Pakona panali chikompyuta chakale chosasuntha, choyenera ndendende ntchitoyi. Koma ine ndinaleredwa bwino. Kwathu nthutumba ya nkhuku imapita m'mbale ya wamkulu.

"Bwana, chinthu chachikulu chotere chikhale pa laputopu yanu," ndinatero.

"Mwaganiza bwino," anayankha abwana, akukonza tayi.

Ndinalemba adiresi ya laputopuyo pakompyuta iliyonse, n'kuika pasiwedi, n'kudina. Zinagwira. Anthu anandiombera m'manja, ine n'kumangoti ndi zazing'ono izi.

Chimene sindinaganize n'chakuti abwana athu anali mkulu wa mpingo. Maliro aliwonse, msonkhano uliwonse kuboma, iwo analipo, laputopu ili m'chikwama.

Akangochoka, mayi Nachisale ankandiitana. "Achimwene, zakananso." Ine ndinkazimitsa n'kuyatsanso, kuuzira mawaya, kusintha pasiwedi. Tsiku lina ndinafika ponena kuti ndi chifunga cha m'phiri chikulowa m'mawaya (ndipo ndinanena nkhope ili gwa, Mulungu andikhululukire).

Abwana akabwera n'kutsegula laputopu, mayi ankadandaula kuti tsiku lonse sanagwire kanthu.

"Tayesani ndione."

Mayi akadina, zonse myaa, ngati sizinavutepo.

Zitachitika kangapo, abwana anatopa. "Mayi, ndikangotuluka pakhomopa inu mumapinda manja, kenako mukunamizira makina. Sabata ino ikatha zili chonchi, mukapume kunyumba."

Mayiwo ndinawapeza kuseri kwa ofesi akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Mayi wamasiye, ana ali pasukulu ku Kabwazi, munthu wosadziwa n'komwe kuchedwa kuntchito. "Ine kunama sindidziwa, achimwene," anangotero. Zinandipweteka kwambiri, koma nzeru zinali zisanabwerebe.

Zinabwera mawa lake. Ndinali nditaima pambuyo pa mayi tikulowetsa zokolola, zonse zikuyenda. Abwana anati akupita kumaliro, n'kutseka laputopu kuti phaa. Nthawi yomweyo kompyuta ya mayi inati nkhokwe sikuipeza. Ndinayang'ana pawindo, n'kuiona nkhokwe yathu yonse ikukwera njinga yamoto.

Abale, kuzizira kwa ku Dedza mu Juni mukukudziwa. Ine ndinatuluka thukuta.

Ndinawathamangira abwana mpaka pamsewu, nsapato imodzi n'kutsala m'matope. Ndinafotokoza zonse ndikupuma wefuwefu, kuti mayi alibe mlandu, wolakwa ndine.

Abwana anazimitsa njinga. Ine n'kumadikira kuti wokapuma kunyumba tsopano ndi ine.

"Ndiye mukuti ndikachoka ineyo, zonse zimaima?"

"Eya, bwana."

Anamwetulira. Sindinawaonepo atasangalala chonchija.

Kunena zoona anabwerera, n'kupepesa mayi Nachisale pamaso pa tonse, ndipo ntchito yawo inapulumuka. Mayi sanandikalipire. Anangoti, "Ulemu wanuwo, achimwene, masiku ena muziusiya kunyumba." Bola akanandimenya.

Koma nditapempha kuti nkhokwe ndiisamutsire pa chikompyuta cha pakona, abwana anakana kwamtuwagalu. Chinthu chachikulu chotere pakona? Kuyambira tsiku limenelo akamapita kumaliro laputopu ankaisiya yotsegula patebulo pawo, itayang'ana kukhomo.

Ndipo tikafuna kutenga kanthu mu ofesi mwawo, tinkayamba tagogoda n'kunena odi. Amene anayambitsa zimenezo musandifunse, mukumudziwa kale.